Mbendera Inafika Mukomboni, Chimanga Ayi

Pa musika wa Marondera palibe anandigonjetsapo pa malonda. Funsani aliyense. Chaka chino cha chilala ndagulitsapo ambulera kwa munthu wamaso ake awiri.

Ndiye Loweruka lapitali, pomangirira matumba opanda kanthu panjinga, ndinkaimba mluzu. Matumbawo ndinawatola kuruzevha, kumidzi kumene akugawa chimanga chachikasu cha thandizo. Ndi olimba, ndipo lililonse lili ndi mbendera ya dziko lopereka. Pawayilesi akuti aphungu a dzikolo akukangana za lamulo loti mbenderayo ikule, isasowe pa thumba, pa chitini, ngakhale pa mjigo, kuti wolandira adziwe womuthokoza. Ine ndinati zikomo. Mbendera ikakula, mtengo wa thumba nawo ukwera.

Ndinalowa mukomboni ya pulazi ina ya fodya panjira ya ku Mutare. Kunali zii. Fodya anapserera, mzungu anaimitsa anthu ntchito. Ananditulukira mai Joakina a ku Tete, mwana kumsana, lichero m'manja.

"Achimwene, matumba anuwa si obooka?"

"Mayi, awa anawoloka nyanja. Taonani mbendera!"

"Mbendera sindiphika ine. Ndione msoko."

Anatembenuza thumba loyamba n'kulikutumulira palichero. Lachiwiri chimodzimodzi. M'makona ankakandamo ndi chikhadabo ngati akusaka nsabwe. Ine pakamwa osapuma, kutamanda ulusi. Atamaliza onse anadzuka.

"Ndi abwino ndithu. Koma mari yogulira ndilibe, pitani nawo."

Apa m'pamene ndinayang'ana palichero: maso a chimanga ndi misere, zodzaza kambale. Ana awiri anali ataima kale pambali, maso palichero.

"Mayi, mwandibera!"

"Inu mukugulitsa matumba, achimwene. Matumba anu si awo? Onse alipo."

Ndinayamba kuseka, koma nditayang'ananso ana aja ndinaleka.

Kodi mukudziwa, awerengi, kuti anthu a m'mapulazi chimanga chimenechi sachilawa? Akapita kogawira amauzidwa kuti ndinu anthu a mzungu, akudyetseni iyeyo. Akapita kwa mzungu, iye amaloza boma. Ambirife a m'mapulazi makolo athu anachokera ku Malawi kapena ku Tete. Ruzevha tilibe, sabhuku, nyakwawa yoti ititchule dzina pogawa, tilibenso. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa agona m'mapulazi muno kuyambira nthawi ya agogo athu.

Opereka sindikuwanyoza ayi. Wopatsa alembe dzina lake, ndi chimanga chake. Chondiwawa n'chakuti mkangano wonse uli pa kukula kwa mbendera. Za pakamwa poti chimangacho chikalowe, pawayilesi sindinamvepo. Thumba limafika paliponse. Ndaliona litatchinga zenera, ndaliona litayalidwa pamaliro, ndaona ngakhale gule atalimanga m'chiuno akutimba fumbi pabwalo. Chimanga chokha ndicho chimatsikira panjira.

Ndinamangiriranso matumba anga n'kukwera njinga. Kumbuyo mtondo unayamba kulira, kaphokoso kochepa, ndipo sikanachedwe kuleka. Phala la tsiku limenelo linapezeka. Za tsiku lotsatira sindikudziwa, poti matumba ena oti akutumule ndinalibe.

Kuti ine ndinagonja, izo n'zachidziwikire. Koma tandiuzani, anapambana ndani: mai Joakina ndi kambale kawo ka misere, kapena aphungu a kutsidya kwa nyanja, amene mbendera yawo yafika mpaka pakhomo pa munthu yemwe sanamupatse kanthu?