Chilolezo cha Makompyuta Mazana Awiri

Azakhali anga anagwira ntchito zaka makumi atatu m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde ku ofesi ya zaumoyo. Ankajambula zithunzi zochenjeza anthu. Mwana wosamba m'manja amene mumamuona pakhoma la chipatala uja, ndi dzanja lawo limenelo.

Chaka china laisensi ya pulogalamu yojambulira inatha, kompyuta n'kukana kutsegula zithunzi zawo. Mnzawo wa ku chipinda cha makompyuta anawaikira ina yaulere. Azakhali anaikayikira sabata yathunthu. Ataizolowera anapita kwa abwana kukapempha kuti iikidwe m'zipatala zonse, anamwino azikonza okha zikwangwani.

"Mayi, makompyuta mazana awiri?" anatero abwana. "Chaulere n'cha munthu mmodzi kunyumba kwake. Ife ndife boma. Eni ake akadzatigwira, mudzakayankha ndinu?"

Azakhali anasindikiza chikalata cha laisensi ya pulogalamu yaulereyo, masamba khumi a tizilembo tonga nyerere. Anachiwerenga masiku anayi pa nthawi ya nkhomaliro, dikishonale ili pambali, akudula mizere ndi pensulo. Zimene anapezamo sanazikhulupirire, ndiye analembera eni akewo kalata yaulemu, yoyamba ndi mawu oti "Ndagwira mwendo wanu."

Yankho linabwera Lachiwiri. Sinali kampani ayi. Anali mayi wina, mphunzitsi wa masamu kudziko lakutali, mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene amakonza pulogalamuyo akaweruka ku ntchito zawo.

"Ikani paliponse pamene mukufuna," analemba motero mayiyo. "Chilolezo muli nacho kale. Chachikulu n'chakuti mukamapatsa ena, muwapatse ndi ufulu womwewu. Musawatsekere khomo."

Tsiku limenelo ndinawapeza azakhali atakhala pakhonde kunyumba, kalatayo ili pamiyendo, tiyi atazizira m'kapu.

"Mwana wa achimwene," anatero, "anthu awa sanandionepo. Sakudziwa ngati ndine wakuba kapena ayi. Koma amanga nyumba, aisiya yosakhoma, ati lowani ndi abale anu omwe." Anapukusa mutu. "Chonsecho ine ngakhale sizasi yanga sindibwereketsa!"

Abwana anaiwerenga kawiri kalatayo, n'kuitanitsa loya wa ofesi. Loyayo anangoti, "N'zoona, bwana." Abwana anasaina chilolezo.

Zaka ziwiri zomaliza asanapume pa ntchito, azakhali anazithera pamsewu, chipatala ndi chipatala, kuphunzitsa anamwino kujambula. Ena ankagwira mausi ya kompyuta ngati dzira, ena ankachita kuitsina.

Pa chipatala china chaching'ono anapeza namwino atajambula kale yekha chikwangwani cha katemera. Anali atajambulapo mayi atabereka mwana, dzuwa likumuomba mbali imodzi ya nkhope. Azakhali anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako anakoka mpando, nakhala pambali pa namwinoyo.

"Mwanawe," anatero, "tandionetsa. Kuwalaku unakupanga bwanji?"