Osadya Mpaka Ndege Itatera

Lachiwiri lapitali ndinanamiza amayi anga, ndipo mpaka lero sindinalape.

Mwana wanga Tamanda, injiniya wa pamgodi, anatumizidwa kumaphunziro ku Brazil. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tikiti inati ndege inyamuka ku Johannesburg 11 koloko m'mawa, ikatera ku São Paulo 16 koloko.

Tsono amayi ali ndi lamulo lawo. Zaka zonse zimene malemu bambo ankalowa pansi mumgodi ku Wusakile, iwo sankalawa kanthu mpaka mwamuna wawo atatuluka. Bambo anapita, koma lamulo lija langosamukira mumlengalenga.

"Pansi na mumwamba ni chimodzimodzi, konse kulibe kothawila," anatero atamwa phala lam'mawa. "Nizadya Tamanda akaseluka mu ndeke."

Vuto ndi lakuti amayi ali ndi matenda a shuga. Maola asanu akhoza kupirira. Koma inu amene munakwerapo ndege mukudziwa ukathyali wa tikiti. Nthawi yofikira ija ndi ya wotchi ya ku Brazil, imene imatsalira m'mbuyo mwa yathu ndi maola asanu. Ulendo weniweni ndi wa maola pafupifupi khumi. Ndinachita mantha kuti gogo akomoka mdzukulu asanaone n'komwe mtunda.

Itakwana 16 koloko anandifunsa, "Yafika ndeke?"

Ndinasuzumira pafoni, pamapu oonetsa pamene ndege yafika. Kandege kanali pakati penipeni pa nyanja, mtunda osaoneka kutsogolo kapena kumbuyo.

"Yafika, Amama."

Nthungululu inamveka mpaka kwa aneba. Mpunga wa nyemba anaumenya mbale ziwiri. Ine ndinakankha yanga, n'kunena kuti m'mimba simuli bwino.

Ife opita kusukulu timakonda kuseka zoterezi. Timati kodi njala ya nkhalamba ingachirikize phiko la ndege? Koma tationani wathu akakwera. Maso ali tong'o pafoni, chala chikusisita kandege ngati tikukakankha kuti kafulumire. Kusiyana kwake kuli pati? Munthu ukamukonda, sungangokhala manja lende iye ali pakati pa ulendo. Umafuna nawenso uvutikeko pang'ono, muyendere limodzi.

Mawa lake masana Tamanda anaimba foni ya vidiyo. Mwana wopanda chinsinsi ameneyu!

"Agogo, ten hours mumwamba! Mendo yanavimba!"

Ine ndinayamba kuyang'anitsitsa nsapato zanga. Amayi anawerenga zala, kenako ananditembenukira.

"Iwe Yohane, unadya nthawi bwanji?"

"Atafika zoona, Amama."

Ndinadikira mkalipo wa chaka. Iwo anangogwedeza mutu, kamwetulira kali pakona pa mlomo.

"Ninaiona mbale yako. Ni mwamene zifunikila, mwandi. Na ku mugodi munthu sachoka pa nchito ngati womulandila shifiti akalibe kubwela."

Nanga inu, pa maulendo onse amene mwayenda, mukumudziwa amene anagwira shifiti ya njala kuti mufike?