Mayi Simbi ndi Mchira wa Nyimbo

Ndiyambe ndi kuchapa dzina la munthu, popeza mwiniwake wakhala akuchapa ndi kusita zathu moyo wake wonse. Zimene munamva zija, zoti Mayi Simbi anapezeka m'nyumba ya kanema atakolekerana manja ndi Kadzidzi woonetsa mafilimu, ndi bodza lamkunkhuniza. Ine ndinalipo ndi maso anga awiriwa. Ndipo inu mukundidziwa: zikanakhala zoona, sindikanalola kuti muzimvere kwa wina.

Khomo la Mayi Simbi limayang'anana ndi langa, pamwamba pa masitepe, paja babu linapsa kalekale ndipo aliyense akudikira kuti agule mnzake. Dzinali analitengera ku ntchito. Amasita zovala m'shopu ya pakona, kuseri kwa makina ochapira, m'kachipinda kotentha ngati ng'anjo. Mkono wawo wamanja ndi wonenepa kuposa wamanzere, ndipo kolala imene yadutsa m'manja mwawo imaima chilili ngati wapolisi amene waona bwana wake.

Matenda awo ndi kanema, ndipo anawatengera kumtundu. Mayi awo ankasesa m'holo ya kanema yomweyi. Kamtsikanako kakaweruka kusukulu kankakhala pa mpando wakumbuyo, kudikira kuti anthu atuluke, mayi ake atole mapepala a maswiti, azipita kwawo. Ndiye pamene ena onse ankapondana pakhomo, iko kankatsala ndi maina aja amene amakwera pansalu filimu ikatha, pamodzi ndi nyimbo yake. Ana ena analeredwa ndi azakhali, uyu analeredwa ndi maina.

M'mainamo muli la mkulu wina wopeka nyimbo za m'mafilimu. Nonsenu mumamudziwa ngakhale mukane. Foni ya dalaivala wa basi imalira nyimbo yake, wometa tsitsi amameta ndi nyimbo yake, ndipo akuti zikho zimene analandira zinathyola kabati. Dzina lake ndi lalitali, lilime langa limakana kulinyamula. Pano tonse timangoti Akumapeto, chifukwa Mayi Simbi anatiuza kuti dzinalo limatulukira kumapeto.

Nyimbo yake yotchuka ndi ija ya m'filimu ya mtsikana wogulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima. Mavayolini amayambira pansipansi, n'kumakwera ngati munthu wokwera masitepe atasenza ndowa. Afika pa sitepe yomaliza, dzanja lili pa chitseko, basi zii! Sitima yalira. Patsogolo ayambanso, akwera, afika pomwe paja, wina wagogoda pakhomo. Filimu yonse nyimboyo siitha. Ndiye tonse tinkaiimba choncho, yoduka mchira ngati buluzi wopulumuka kwa mphaka. Pa TV, maina akangoyamba amaikapo malonda a sopo. Ogulitsa madisiki amadula mainawo kuti mafilimu ambiri akwane m'disiki imodzi. Pa wayilesi muulutsi amayamba kupereka moni kwa azilamu ake. Ndani akanadziwa kuti nyimboyo ili ndi mchira?

Amuna awo ndi Bambo Sipanala, okonza mapaipi. Anafunsira mbeta ndi mluzu wa nyimbo yomweyo, yoduka choncho, ndipo anawalola, zimene zikusonyeza kuti mayiwa ndi achifundo. Munthu wabwino bamboyo, koma waphuma. Chibadwire sanaonepo filimu mpaka kutha. Mnyamata akangogwira dzanja la mtsikana, iwo chipewa kumutu: "Tiyeni amayi, basi idzaza." Mayi n'kuti, "Tsogolani, mukandigwirire malo." Ana anabadwa, anakula, anachoka pakhomo, bamboyo akuganizabe kuti akazi awo amachedwa ndi mzere wa kuchimbudzi.

Chaka chino kunamveka kuti Akumapeto akalamba, apachika kandodo kawo koimbitsira. Holo yathu, imene masiku ano imadzaza ndi mipando yokhayokha, inayamba kuonetsa mafilimu awo akale Loweruka lililonse masana, kuwatsanzika. Mayi Simbi sanaphonyepo. Bambo anali atasiya kupitako, ati bondo.

Ndiye paipi ya kuchimbudzi cha kanemako inaphulika, eni holo n'kuitana Bambo Sipanala. Ali chigonere pansi pa sinki, akuimba kamluzu kawo, anafika poduka paja n'kusiya monga mwa masiku onse. Koma kuchokera m'khonde mluzu wina unatola pomwepo, n'kukwera, n'kutembenuka, n'kukatera bwinobwino. Bambo anadzuka mwaphuma mpaka kudzigunda mutu ku sinki. Mchira umenewo anali ataumvapo kwa munthu mmodzi yekha padziko lapansi: akazi awo, akamawasitira malaya. Iwo ankayesa kuti mayiwo anangoupeka okha.

Atasuzumira m'khonde anaona Kadzidzi. Amene simumudziwa, ndi mkulu wamtali, woonda ngati ndodo ya mopu, wa maso otsinzina chifukwa dzuwa sanalizolowere. Mano ake ndi ochezeka, aliyense amakhala payekha. Mwamuna woti mutandipatsa pamodzi ndi firiji, ine ndingatenge firijiyo n'kuthokoza.

Bambo akanafunsa Kadzidziyo, nkhani ikanathera pa sinki pomwepo. Koma anapita nayo kwa mlongo wawo, amene pano timamutcha Wayilesi, chifukwa sazima ngakhale magetsi atathima.

"Achimwene, mwagona tulo tofa nato," anatero Wayilesi. "Anthu awiri sadziwa nyimbo imodzi ngati sakhalira limodzi. Kodi simudziwa kuti anthu onse akatuluka amatsala awiriwiri m'holomo?"

Madzulo ake ine sindinamvetsere dala. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndipo khutu lilibe chitseko.

"Amayi, nyimbo imeneyi munaiphunzira kuti?"

"Nyimbo iti, bambo?"

"Musandiyese mwana. Ya kumapeto kuja, kumene kulibe."

"Kulipo. Kuli m'maina."

"Maina! Munthu wamkulu ndi imvi zake kukhalira kumvera maina? Nanga Kadzidzi akuidziwa bwanji?"

"Si ndiye amazimitsa makina? Mukufuna azituluka filimu isanathe ngati inu?"

"Ehe! Mwayamba kale kumuyankhira!"

Wayilesi, amene anabwera ati kudzabwereka mchere, anaponyapo lake: "Alamu, kuvomera sikupha munthu."

Ndinamva sutikesi ikutsitsidwa pamwamba pa kabati. Bambo anagamula kuti Loweruka likubweralo mayi asankhe, kanema kapena banja. Akangopita, adzapeza katundu wawo pa masitepe.

"Loweruka akuonetsa ya pa siteshoni, ndipo ndi yomaliza," anatero Mayi Simbi. "Ine ndipita. Sutikesiyo muyambe mwaipukuta fumbi, mungandidetsere zovala."

M'kati mwa sabata ndinawatsatira kushopu, ati kukasititsa siketi. Ndinawapeza akulimbana ndi nsalu za patebulo, thukuta lili kamukamu.

"Anzanga," ndinatero, "banja la zaka zonsezi lithere mavayolini? Khalani pakhomo Loweruka limodzi lokha. Mkulu wopeka nyimboyo sakukudziwani n'komwe."

Anaimika simbi, n'kundiyang'ana ngati ndine banga la mafuta.

"Amandidziwa. Munthu uja popeka mchira umenewu ankadziwa kuti holo idzakhala itatuluka. Ndiye anapekera ndani? Anapekera osesa. Mayi anga ankasesa chowerama, msana ukuwawa, koma lipenga la kumchirako likalira ankaongoka, tsache m'manja, ngati ndi eni ake holo. Lero mkuluyo akutsanzika, ine ndimusiye atuluke yekha?"

Ndinangowapatsa siketi ija. Siketi anandisitira, ndipo Loweruka m'mawa anasitanso malaya a amuna awo, kolala chilili, kuti pokawagwira akaoneke bwino.

Tsono tamverani mmene mphekesera inagwirira ntchito imene zikwangwani zinalephera. Wayilesi anali ataulutsa nkhaniyi msewu wonse, ndipo Loweruka holo inadzaza thothotho. Wometa anatseka shopu. Dalaivala wa basi anapempha mnzake amugwirire. Amayi a pansi pathu, amene amati kanema ndi wa Satana, anakhala kutsogolo kwenikweni. Kadzidzi anasuzumira pa kazenera kake kam'mwamba, n'kupukuta maso, n'kusuzumiranso. Bambo Sipanala anabisala kuseri kwa chipilala, chipewa chili m'maso, Wayilesi pambali pawo, foni ili chire kuti ajambule umboni. Mayi Simbi anakhala pa mpando wawo wakumbuyo, chikwama pamiyendo, osacheukira munthu.

Filimu inayenda. Sitima inalira, wina anagogoda, nyimbo inaduka monga mwa nthawi zonse. Mnyamata anagwira dzanja la mtsikana. Apa m'pamene anthu amadzuka, koma tsiku limenelo palibe anadzuka, chifukwa aliyense ankafuna kuona amene atsale. Magetsi anayaka. Maina anayamba kukwera. Wina anawerama ati akumanga nsapato, pamene wavala patapata. Wina ankafunafuna chinthu pansi pa mpando. Holo yonse makosi opindikira kumbuyo, kudikira kuti Kadzidzi atsike.

Kadzidzi sanatsike. Anali pa kazenera kake akutafuna buledi. Mayi Simbi anali atatsinzina.

Mavayolini anayambira pansipansi. Anakwera, nakwera. Kuseri kwa chipilala kunamveka kamluzu, mlomo wa Bambo Sipanala unangoyamba wokha. Anafika pa sitepe yomaliza, dzanja pa chitseko, mluzu n'kuima. Tonse tinadikira sitima.

Sitima sinalire. Kunalira lipenga, limodzi lokha, n'kukankha chitseko chija. Abale inu! Ng'oma zinalowa, mavayolini onse anathamangira m'katimo, kenako mawu a amayi ambirimbiri, osatchula liwu lililonse, kungotsegula kukamwa ngati anthu amene aona mwana wawo akutsika sitima. Ine tsitsi linaima, pamodzi ndi loikirira lomwe. Makosi onse aja anabwerera kutsogolo okha. Wa patapata uja anaiwala kuti akumanga nsapato. Nyimbo imene takhala tikuiimba chibadwire inafika kwawo, n'kutula ndowa, n'kukhala pansi.

Dzina lalitali lija linatulukira pansalu. Mayi Simbi anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja okhaokha, monga achitira kuyambira ali kamtsikana.

Wachiwiri kuimirira anali Bambo Sipanala, bondo loiwalika. Manja awo ndi ngati matabwa, akaomba mumayesa wina akukhoma denga. Misozi inali chuchuchu mpaka pa kolala. Kenako wometa, kenako dalaivala, kenako amayi a Satana aja, mpaka holo yonse inaima. Wina anakuwa, "Bwerezani!" Tonse tinalandira, "Bwerezani! Bwerezani!" Kadzidzi, amene pa ntchito yake yonse anangozolowera kutukwanidwa chithunzi chikaduka, anatulutsa mutu pa kazenera.

"Ndibwereze filimu yonse?"

"Maina okha, iwe! Maina!"

Anabwereza, ndipo ulendo uno tinaimba nawo, ena molakwitsa, koma mokweza.

Bambo anadutsa pakati pa mipando, chipewa m'manja, mpaka pa mpando wakumbuyo.

"Amayi, zaka zonsezi osandiuza bwanji?"

"Ndinkakuuzani. Inu munali ku basi."

"Ndiye kuti Kadzidzi..."

"Tamuyang'anani bwinobwino, bambo. Mwandinyoza kwambiri."

Kadzidzi anakuwa ali m'mwamba momwemo, "Ndamva nawo zimenezo, mayi!"

Holo inafa ndi phwete. Panja basi inali ikuitana, ndipo Mayi Simbi anati, "Tsogolani, mukandigwirire malo." Bambo anati, "Ipite." Anayenda wapansi, ine pambuyo pawo, chifukwa njira ndi imodzi.

Sutikesi anaipeza pa masitepe pomwe bambo anaisiya. Bambo anainyamula okha kuilowetsa. Mayi atatsegula anapeza madiresi awo atapindidwa ngati zisanza zopukutira mapaipi, ndipo chilango chinali chakuti wopindayo asite yekha. Anawotcha imodzi, ya maluwa, ndipo fungo linafika mpaka kwanga. Anakagula ina yokongola kuposa yoyambayo.

Wayilesi umboni anaujambula ndithu: chipilala, chipewa cha achimwene ake, ndi nyimbo yonse mpaka mchira. Pano foni yake imalira yomweyo, ndipo sayankha mpaka ithe. Amauza anthu kuti iye anadziwa kale kuti alamu ake ndi munthu woongoka. Tamukhululukira, poti tonse tinakopera kwa iye.

Eni holo ataona khamu lija anaganiza zopitiriza mafilimu a Akumapeto. Loweruka lililonse mukawapeza Bambo Sipanala pa mpando woyandikana ndi khomo, mwendo wa bondo uja atautambasula mopingasa. Mukadzuka maina asanathe, amakufunsani ngati kwanu kwayaka moto. Mkulu wopeka nyimboyo mwina sadzamva n'komwe kuti kuli holo ina kumene anthu amaimirira dzina lake likamadutsa, koma zimenezo Mayi Simbi sizimawadetsa nkhawa. Amati ndowa inafika.

Ndiye wina akadzakuuzaninso za manja okolekerana, mudzamutumize kwa ine. Zoona zake n'zakuti Mayi Simbi ankatsalira m'holomo kuti amve nyimbo mpaka kutha.