Tizipolopolo Tisanu ndi Nyumba ya ku Kasanda

Atate atapumitsidwa ntchito kumgodi wa mtovu chifukwa cha chifuwa, tinapatsidwa mwezi umodzi woti tituluke m'nyumba ya ku komboni ya Kasanda. Nyumbayo inali ya kampani, ndipo wantchito akachoka, makiyi ankabwezedwa. Kwawo ku Petauke atate anachokako asanamere ndevu, munda wawo unali utalimidwa kale ndi ena. Maso onse anali pa ine, mwana woyamba, amene ndinkangotha nsapato m'tauni chimalizireni sukulu. Kampani inkalemba alonda, ndipo anati mwana wa wantchito akalowa, nyumba ikhoza kulembedwa m'dzina lake.

Zinali zaka zija ndege za ku Rhodesia zinkatiyang'anitsa kumwamba, choncho mlonda ankayenera kudziwa mfuti. Koma zipolopolo zenizeni zinali za asilikali. Ife anatiyesa ndi mfuti ya mpweya, ija amaithyola pakati n'kuikamo kachipolopolo ka mtovu kochepa ngati njere ya mapira. Ine mfuti ya mtundu uliwonse ndinali ndisanaigwirepo.

Tinasonkhana pabwalo la fumbi kuseri kwa ofesi ya alonda, anyamata oposa makumi awiri. Wotiyesa anali sajeni wina wa Chibemba, wamfupi, wa mawu ngati diramu. Anakhoma pepala pathabwa, lojambulidwa mizere yozungulira ndi dontho lakuda pakati. Anati aliyense alandira tizipolopolo tisanu basi, poti m'masitolo timasowa ngati sopo, ndipo titatu tiyenera kulowa m'kati mwa mzere wachiwiri. Anatiseka kuti mtovu umenewu makolo athu aukumba okha, tisauchititse manyazi. Palibe anaseka.

Atate anali atabwera panjinga, atavala jekete lawo la kutchalitchi ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Anaima kumpanda wa waya, akutsokomola. Sindinawapemphe kuti abwere, ndipo kunena zoona zinandikwiyitsa.

Ine ndinabadwa wamanzere. Atate, mkulu wa mpingo, ankati dzanja lamanzere ndi lamwano: sudyera, supatsira moni, sulandirira kanthu kwa wamkulu. Ndili wamng'ono ankalimanga ndi nsalu nthawi ya chakudya, aphunzitsi n'kumalizitsa ndi rula. Ndinakula ndikulemba ndi lamanja, zilembo zokhotakhota. Lamanzere ndinkaligwiritsa ntchito mobisa, polasa mbalame ndi legeni kutchire la ku Mpima, ndipo kumeneko sindinkaphonya kawirikawiri.

Dzina langa litaitanidwa, ndinaika mfuti paphewa lamanja monga anachitira onse. Sajeni anati nditsinzine diso lamanzere, ndiyang'ane ndi lamanja kudzera pa kampata kakumbuyo mpaka kansonga kakutsogolo. Diso lamanzere linakana kutsinzina lokha. Ndikalikakamiza, onse awiri ankatsekeka; ndikatsegula, nsonga zinkaoneka ziwiri. Ndinakoka kachitsulo. Mfuti inangoti phwa, fumbi n'kubuka pamulu wa dothi kuseri kwa thabwa.

Kachiwiri kanakhudza ngodya ya pepala, kutali ndi mizere. Anyamata kumbuyo anayamba kunong'ona. M'manja munali thukuta lokhalokha, moti pothyola mfuti kachipolopolo kachitatu kanandipulumuka n'kugwera m'fumbi. Ndinagwada, n'kukafufuza, n'kukatola, n'kukaika m'mfuti. Sindinadziwe kuti ndatolera dzanja liti, koma sajeni anaona.

"Iwe mufana, uli lefti?" anandifunsa.

Ndinati ayi, bwana.

"Boza. Watola na lefti, wafaka na lefti. Chinja phewa. Wasala na tutatu, ukaphonya kamozi chabe, ni kunyumba."

Ndinacheukira kuwaya. Atate anali atamva, poti mawu a sajeni ankafika mpaka kumsewu. Ndinkafuna angogwedeza mutu, kaya kuvomera kaya kukana. Iwo anaweramira pansi n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chomwe chinalibe vuto lililonse. Mtima unandipsa. Ndinali mwamuna wa zaka makumi awiri, nyumba ya anthu asanu ndi awiri ili m'manja mwanga, koma ndikuopabe nsalu ya pachakudya.

Ndinasamutsira mfuti kumanzere. Inakhala paphewa ngati inali kundidikira. Diso lamanja linatsinzina lokha, nsonga inakhala imodzi, dontho lakuda n'kukhala pamwamba pake. Sajeni anandiuza chapansipansi kuti nditulutse mpweya theka, ndisakoke mwamphamvu, ndingofinya. Ndinafinya. Bowo linaoneka pafupi ndi dontho.

Kachinayi kanalowanso, chakumunsi pang'ono.

Ndinaika kachisanu. Nsonga inkavina, kukwera, kutsika. Ndinatsitsa mfuti, ndinapukuta dzanja pabuluku, ndinakwezanso. Ndili pafupi kufinya, atate anatsokomola, chifuwa chija chosatha msanga, ndipo chala chinapita chokha. Sindinaone pomwe kanalowa.

Sajeni anapita pathabwa osafulumira. Anachotsa pepala, analiyang'ana kudzuwa, analitembenuza. Kenako anatulutsa kachipolopolo m'thumba n'kukaika pabowo lomaliza, kuyesa ngati lakhudza mzere. Anabwera, n'kundipatsa pepalalo.

"Yakhudza laini. Mande, sikisi koloko. Ukachedwa, nipasa wina."

Ndinalandira ndi manja awiri.

Pobwerera atate sanakwere njinga, anangoikankha, ine pambuyo. Tinadutsa milu ya dothi la mgodi, mphepo ikutithira fumbi m'maso, osalankhulana. Ndinkayembekeza mawu, abwino kapena oipa, ndipo chete wawoyo ankandiwawa koposa ndodo.

Amayi tinawapeza pakhonde atakhala pakati pa mitolo. Anali atayamba kale kumanga ziwiya m'zitenje, osatiuza. Ataona nkhope ya atate anagwira pakamwa, poganiza kuti zakanika.

"Amake ana," anatero atate akutsamiritsa njinga kukhoma, "mwana wanu waombera ndi manzere, pamaso pa anthu onse."

Anaima kaye, chifuwa chitawagwiranso. Chitawasiya anapukuta pakamwa, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo muli misozi, kaya ya chifuwa kaya ya china.

"Masulani katunduyu. Sitipita."