Nsenjere Zimene Zinadya Sukulu Yanga

Ndikukumbukira fungo la dimba lathu ku Chongwe, m'zaka zija tinkadya chimanga chayelo chobwera pa malole. Ena ankalira chilala, ife madzi tinali nawo. Anali madzi a ku Lusaka, otsika mu mfuleni atatsuka kale mbale, zovala ndi zimbudzi za anthu a m'tauni. Ankanunkha, inde ankanunkha, koma repu wathu ankatambasula masamba ngati malichero, ndipo yunifomu yanga inachokera mu repu yemweyo.

Kenaka nthaka inakhuta. Chimanga cha m'dimba chinayamba kupinimbira, masamba ake mizeremizere yotuwa. Chithaphwi cha kumunsi chinavala ndere, tinsomba n'kuyandama chagada. Mlangizi wa zaulimi anabwera pa njinga, natapa dothi m'kapepala, napita nalo. Atabweranso anakhala pa chitsa nauza atate.

"Ba Phiri, nthaka yanu yadya fosiforasi maningi, uja wamene apezeka mu fetereza. Ni manzi aya yabweretsa. Lekani kuthirira nayo, mubzale nsenjere. Udzu uzayamwa, imwe muzidula na kuchosapo. Osashoka na moto pano, osabweza pano."

Nanga wodula ndani? Mchimwene wanga Mabvuto anali pafupi kulemba mayeso, komanso mwamuna. Atate anandiyang'ana ine, wa giredi sikisi.

"Tisa, uyambe waimako sukulu. Nthaka ikapola uzabwelela."

Anzanga, nsenjere si udzu wocheza nawo. Masamba ake amacheka ngati lumo, ubweya wake umalowa m'khosi ndi m'khwapa, ukatuluka thukuta umayabwa mpaka kulira. Ndinkadula mame asanaume, kumanga mtolo, kuika nkhata, ulendo kumtunda ku khola. Kutsika, kudula, kumanga, kukwera. Belu la ku sukulu linkandipeza pakati pa njira, ndiye ndinapeka kanyimbo kolitsekera: yamwa nsenjere yamwa, Tisa abwerere, yamwa nsenjere yamwa. Ng'ombe zathu zinanona mpaka kunyezimira. Ina, dzina lake Sitima, ikandiona patali inkalira ngati ndine amake. M'nyumba monse amene ankandithokoza anali Sitima yekha.

Chilimwe chilichonse atate ankakumba manyowa m'kholamo, kupakira m'ngolo, kutsetsereka nawo mpaka ku dimba, monga ankachitira atate awo. Amati manyowa ndiwo adzafulumizitse nthaka kuchira. Ine ndinkathandiza kumwaza, ndikuimba kanyimbo kanga komweko. Amayi okha ndi amene anang'ung'udza tsiku lina.

"Batate ba Mabvuto, si paja anakamba ati osabweza?"

"Anakamba za udzu. Aya ni matuvi ya ng'ombe. Unamvela kuti manyowa yaononga munda?"

Amayi anangotola khasu lawo.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kuthanso. Mlangizi uja anatulukira, natapanso dothi. Tsiku limene anabwera ndi yankho anatipeza tikutsitsa ngolo. Anayang'ana mulu wa manyowa, anayang'ana khola kumtunda, anayang'ana mikono yanga ya zipsera, kenaka anavula chipewa.

"Ba Phiri, vamene udzu unayamwa, ng'ombe zinadya. Vamene ng'ombe zinadya, ni ivi apa. Mwana anyamula kupeleka kumwamba, imwe mubweza na ngolo."

Atate anayang'ana Sitima nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane. Madzulo anangoti manyowa azipita ku munda wa kumtunda, ndipo nsenjere tiyambirenso. Apo n'kuti mabere atamera, anzanga ali ku sekondale, yunifomu ija amayi akusefera mkaka.

Lero ndine gogo, ndipo ku tchalitchi woyamba kuvina ndine, funsani aliyense. Mawu ovuta m'nkhani ino wandilembera mdzukulu wanga Chikondi, amene amawerenga ngati madzi. Tsiku lina la sukulu anatenga chikwakwa kuti andidulire udzu wa mbuzi. Ndinamulanda mwaukali mpaka anadabwa, ndinamuperekeza mpaka pa msewu.

Dimba lija anagula bambo wina wogwira ntchito ku Lusaka. Anamanga nyumba, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. Nsenjere zina zimasuzumirabe pansi pa mpandawo, ndikamadutsa siziona mano anga. Kaya nthaka ija inapola, sindidziwa, anaithira simenti. Atate anapita kumanda osandiuza kuti nthawi yobwerera yakwana.