Mkono wa a NyaZimba

Ndinaganiza zochoka ku Chikomeni tsiku limene alamu anga anasasula malata pa nyumba yanga. Amuna anga anali atangogona m'manda sabata ziwiri. Nditakakamira njinga kuti asatenge, mmodzi anandimenya chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Ndinawatola, n'kuuza mwana wanga Tiyezge kuti ndikupita ku Lusaka. Anali atangokwatiwa kumene, ndiye ndinati ali m'manja abwino. Chinali chaka chija tinkadya chimanga chachikasu.

Ku Lusaka ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka zinayi. Ndinkagona pa makatoni m'khitchini, ndipo ndinali ndi kapu yangayanga imene ana a bwana sankaikhudza. Chitumbuka ndinkachiyankhula kamodzi pa mwezi, pa siteshoni ya mabasi, popatsira kondakitala wa kwathu ndalama ndi sopo. Kaya zinkafika, kaya ayi, sindinkadziwa.

Kenako kunabwera kalata ya mlongo wanga Yotamu. Anati Tiyezge wabwezedwa ku ukwati, akudwala kaliwondewonde, ndipo kuchipatala cha ku boma anena kuti palibenso chochita. Pansi pake analemba kuti: "Amene akumudya tamudziwa. Ndi NyaZimba. Nyumba iliyonse imene walowa mumatuluka maliro."

A NyaZimba ndinkawadziwa, mayi wamasiye wa kutchalitchi kwathu amene ankayendera odwala popanda womulipira. Njira yonse m'basi ndinkangoona nkhope yawo.

Ndinafika masana. Mwana wanga anamuika m'kanyumba kosungiramo fodya, kuseri. Nditasuzumira ndinaona mafupa okhaokha pa mphasa, a NyaZimba atagwada, akumuthira kanthu m'kamwa ndi supuni. Sindinafunse. Ndinatola munsi umene unali pakhomo. Iwo anatchinga mutu ndi mkono, ndipo mkonowo unalira ngati phesi louma. Yotamu ndi amuna ena anathamangira, anawakokera panja, kuwaponda m'nthiti, akukuwa kuti, "Iphani mfiti!" Magazi a m'mphuno anathimbirira bulauzi yawo yoyera. Atadzuka, mkono ukulendewera, anandiyang'ana ine.

"Muzimutembenuza dzuwa likapendeka. Zilonda zili kumanzere."

Anthu onse aja anali ndi mphamvu zomenya, koma m'kanyumbamo simunalowe ndi mmodzi yemwe. Mkazi wa Yotamu ankasiya mbale pakhomo n'kuikankha ndi ndodo. Ine ndinayesa kumunyamula mwanayo, khungu la pamsana linatsalira pa mphasa, iye n'kukuwa.

"Amama, mwawachita chiyani a NyaZimba?" anandifunsa. "Miyezi isanu palibe wina anandigwirapo. Ndi iwo amandipesa tsitsi. Ndi iwo amandiseketsa."

"Amalume ako akuti kumene alowa kumafa munthu."

"Amalowa kumene ena athawako kale."

Anatembenukira kukhoma. Madzi anga anawakana masiku awiri, milomo mpaka kung'ambika. Ndinaona kuti afa atandifulatira.

Tsiku lachitatu ndinapita kwa a NyaZimba. Ndinawapeza pakhonde, mkono ataumanga ndi timitengo, diso limodzi litatsekeka. Ndinagwada patali.

"Mwabwera kudzamalizitsa winawu?" anatero.

"Mwana akukufunani."

"Nsalu ndikafinya ndi chiyani?"

"Manja anga alipo. Muzikangondiuza."

Anandilozera beseni ndi chibwano.

Pofika kwathu, Yotamu anaima panjira ndi nkhwangwa. Ndinatula beseni, n'kumuonetsa mpata wa m'kamwa mwanga.

"Adumbu, pamene ankandigulula mano awa, nkhwangwayi inali kuti? Ngati simukuwafuna mayiwa, lowani inuyo mukamusambitse."

Anayang'ana chitseko cha kanyumba kaja, n'kupatuka.

Tiyezge anakhalanso masiku asanu ndi anayi. A NyaZimba analibe mankhwala, mu supuni muja munali madzi a shuga ndi mchere basi. Ankangokhala naye, kumuuza amene wakumba mtedza, amene wathawitsa mkazi wa mwini, iye n'kumaseka mpaka kutsokomola. Anandiphunzitsa kuika dzanja pansi pa phewa pomutembenuza. Anamwalira m'mawa, mutu uli pa miyendo yawo, dzanja lili mwa ine.

Ku Lusaka anandipatsa kapu yangayanga, ndinkati ndi nkhanza za alendo. Kwathu ndinapeza mwana wanga akumukankhira mbale ndi ndodo, abale ake enieni, ndipo amene anathyola mkono womudyetsa ndinali ine.

Sindinabwererenso ku Lusaka. Mkono wa a NyaZimba unapola mokhota, sutha kunyamula kanthu, choncho beseni ndimasenza ine. Tikamadutsa, ena amati mfiti zakhala ziwiri tsopano. Mwezi wathawu mkazi wa Yotamu anabwera, anaima kuseri kwa nkhokwe, osafuna kuonedwa. Anati amuna awo sakuthanso kudzuka, ndipo akufunsa ngati tingabwere.

A NyaZimba anandilozera beseni ndi chibwano.