A Dontho ndi Patapata Wofiira

Dzina loti a Dontho sanabadwe nalo ayi. Anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa galimoto ikabwera ikutaya madzi, mkulu ameneyu sankathamangira sipanala. Ankayala katoni pansi pa injini, n'kukhala pa tayala lakale, n'kumati, "Tidikire dontho, litiuza lokha." Zaka makumi atatu akuchita zimenezi m'shedi yawo ya malata, kuseri kwa malo otsukira galimoto. Ntchito yawo inali imodzi basi, ya marediyeta. Za mabuleki kaya zamagetsi ankakulozera kwa ena.

M'shedi momwemo, pakona, akazi awo ankasoka zovundikira mipando ya galimoto pa makina opalasa ndi phazi. Anthu awiriwa ankakangana tsiku lililonse za lumo losowa, koma tiyi ankamwera limodzi.

Zaka ziwiri zapitazi maso a a Dontho anayamba kuchita nkhungu. Poyamba ananamizira fumbi, kenako ananamizira babu. Mapeto ake dontho la pa katoni linawasowa. Zala zinali zikugwirabe ntchito, mphuno nayonso, koma kuti madzi agwera pati, ndi obiriwira kapena ndi a dzimbiri, sankaonanso. Anachita mantha, mantha enieni osowetsa tulo. Makaniko wosaona ndani angamusiyire galimoto yake?

Akazi awo ndiwo anapeza nzeru. Katoni ikatulutsidwa, ankadzuka ngati akukatola ulusi, n'kuponda pafupi ndi dontholo, n'kunong'ona mtundu wake podutsa. Patapata wawo wofiira a Dontho ankamuonabe. Ndiye ankatsokomola, n'kuloza pomwepo ngati aona okha.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mwini bekale. Munthu ameneyu anali ndi maveni atatu ogulitsira buledi, ndipo kunena zoona, maveni amenewo ndiwo ankadyetsa shedi yonse. Nthawi zonse ankatuma madalaivala, koma tsikulo anabwera yekha.

"Madala, veni iyi yanditopetsa," anatero mwini bekale. "M'mawa uliwonse botolo lathunthu la madzi, koma pachitunda muvi wa kutentha ukukwerabe. Rediyeta yatsopano ndagula kale, ili m'bokosimo. Ingoikanipo."

Polankhulapo dzanja lake linali likupita pa chitsekero cha rediyeta.

"Aaa, bwana, chotsani dzanjalo! Ikadali yotentha imeneyo, musupuka nkhope."

A Dontho anayala katoni, nadikira kuti injini izizire. Mwini bekale sanapite kukamwa tiyi monga amachitira madalaivala ake. Anakoka kabenchi, nakhala pakati penipeni pa veni ndi makina osokera.

Injini itazizira, a Dontho anayamba ndi zala. Anafinya mapaipi onse awiri: anali ofewa bwino, osang'ambika. Anapapasa makilampu, anali ouma. Analowetsa dzanja pansi pa pampu ya madzi, nakonso kunali kouma. Kenako anamanga kapampu ka manja pakamwa pa rediyeta, napopa, natchera khutu. Penapake kutsogolo panamveka kampweya kakang'ono, ndi fungo lotsekemera lija la madzi oziziritsa injini. Anakoka katoni.

Mwini bekale ananjuta pambali pawo, phewa ndi phewa. Patapata wofiira anayenda masitepe awiri, n'kuima patali. Panalibe podutsa, ndipo kunong'ona kukanamveka.

A Dontho anayang'ana katoniyo. Inali yotuwa yonse. Akanatha kuloza mongoganizira, mwina akanalasa. Koma mtima unangowauza kuti atopa, atopa kuba maso a mkazi wawo ngati mbala m'shedi mwawo momwe.

"Amayi, tabwerani mundionere," anatero. "Nenani mokweza. Bwana, ine maso anatha kalekale. Amene amaona pano ndi awa."

Akazi awo anagwada, nalankhula mokweza. "Madontho ali kutsogolo, chakumanja, ndi obiriwira. Pamsoko wa pamwamba, pamene pulasitiki yakumana ndi chitsulo, pali zoyera ngati mchere. Mng'alu ndi uwu, wochepa ngati tsitsi."

"Nanga oyilo?"

Amayiwo anasolola kachitsulo koyezera oyilo. "Ndi wakuda bwinobwino. Sanasanduke ngati tiyi wamkaka."

"Ndiye kuti madzi sanalowe mu injini, ili moyo. Yafa ndi rediyeta. Ikanakhala yamkuwa ngati zakale zija ndikanaiwotcherera, koma pulasitiki ikang'aluka yang'aluka. Tandipatsani yatsopanoyo."

A Dontho anaitulutsa m'bokosi, naiyendetsa zala ngati akusankha nsalu. Anafika pansi, nabwereranso, napukusa mutu.

"Akugulitsani ya eni ake iyi. Veni yanu ndi ya otomatiki, imafuna timapaipi tiwiri pansipa, todutsa oyilo wa giyabokosi kuti nayenso azizire. Apa palibe, pali see! Komanso taigwirani, ndi yopyapyala, mzere umodzi. Yakaleyo ili ndi mizere iwiri. Galimoto yonyamula katundu pachitunda mukaiika iyi, ibwatanso mwezi usanathe."

Anamasula yakaleyo, nayeza ndi chingwe m'litali ndi m'lifupi, namanga mfundo pamene pali timiyendo tokhazikira. "Tengani chingwechi ndi yakaleyi, mukaziike pakauntala. Mukagulenso chitsekero chatsopano. Ndipo ngati mukufuna akakumangireni ena oona bwino, sindikudandaulani."

Anayamba kupukuta manja omwe anali atawapukuta kale.

Mwini bekale anaseka mpaka kugwira bondo. "Madala inu! Mukuyesa ndi nkhani yachilendo imeneyi? Madalaivala anga amauzana kuti ukapita kwa a Dontho uziyang'ana phazi la amayi, udziwiratu pamene pakudontha. A minibasi akudziwa, otsuka galimoto akudziwa. Wogulitsa rediyeta uja ali ndi maso awiri ndi magalasi pamwamba, koma timapaipi sanatione. Ndibwera nayo masana, mumange ndinu."

Ananyamula zonse, nakwera njinga yamoto, napita.

A Dontho anakhala pa tayala lawo lija. Manyazi anawagwira, chimwemwe nachonso chinawagwira, osadziwa choyamba n'chiti.

"Amayi, inu mumadziwa kuti anthu akudziwa?"

"Eee, bambo. Chaka chatha chomwe."

"Nanga bwanji osandiuza? Mumangoyendabe chonyang'ama, kutola ulusi woti kulibe?"

Akazi awo anakhala pa makina, nalowetsa nsalu pansi pa singano.

"Ndimadikira tsiku loti mundiitane mokweza," anatero. "Zaka makumi atatu ndili pakona pano, lero ndi pamene mwauza munthu kuti timagwira tonse."